Pasiwedi imodzi anthu 9, sisitimu igwira bwanji wakuba?

A Mkonzi,

Ndipatseniko mpata ndiyankhulepo za ma sisitimu a pa intaneti oyang'anira stoko omwe mabwana athu akugula masiku ano. Ine ndimagwira ntchito pa warehouse ina ku Kanengo, kulandira ndi kutulutsa katundu, feteleza, mafuta ophikira, sopo ndi zina, ndiye izi sikuti ndachita kumva kwa munthu ayi.

Kale tinkadalira bin card, khadi lolembapo katundu wolowa ndi wotuluka, ndi chibuku chachikulu. Thiraki ikafika umaima pakhomo kuwerenga matumba aganyu akutsitsa, ulembe GRN, fomu yolandirira katundu, udzaze khadi, madzulo ukoperenso m'buku maso atatopa kale. Pa stock taking makatoni akasowa woyamba kulozedwa chala ndi iwe wa makiyi, wachiwiri mlonda, ndipo ulibe pogwira chifukwa pepala aliyense atha kufufuta olo kung'amba kumene. Ndiye atabweretsa sisitimu yotsegula pa browser ine ndinasangalala zedi. Katoni ukaisikana barcode imalowa yokha, ikuuza shelefu yake, ikukakamizanso kutulutsa kaye zomwe zatsala pang'ono kuekisipaya osati zomwe zili pafupi ndi chitseko monga timachitira tikatopa. Bwana ali ku Blantyre amaona stoko ya kuno ndi ya ku Mzuzu pa foni yawo osaimbira munthu. Thiraki yochokera ku Beira timaitsata pa mapu ndi GPS, yadutsa Tete, yaima pa Zobue, yalowa Mwanza, moti adalaivala aja ankati "ndidakali pa boda" ali phee pa Zalewa kudya kanyenya, bodza lawo linatha.

Koma chomwe ndinaikondera kwenikweni nchakuti chilichonse chochitika imasunga dzina la wochita ndi nthawi yake. Ndinati basi zonamiziridwa zatha.

Ayi ndithu. Ogulitsa ma sisitimuwa ambiri amatchaja pa munthu aliyense mwezi ndi mwezi, m'madola, ndipo mmene dola ikusowera muno abwana anangolipira ma akaunti awiri, yawo ndi ya ku stores. Ya ku stores ili m'dzina langa, koma timalowera anthu 9, pasiwedi inachita kumatidwa pakapepala pa kompyuta pomwepo, ngakhale wobwera kudzakonza fani atha kuiwerenga. Tsiku lina panasowa matumba 20 a feteleza, wina anawachotsa mu sisitimu nkulemba kuti ndi ong'ambika, nthawi yake 7:40 usiku, dzina langa mbee pa sikirini pamene ine nthawi imeneyo ndinali kwathu ku Area 25 ndikudya nsima ndi ana. Abwana amvekere kompyuta sinama. Inde sinama, koma imangodziwa pasiwedi, nkhope ya munthu siiona. Chomwe chinandipulumutsa mukudziwa nchani? Kabuku kakuda ka alonda a pa geti, olemba ndi bolopeni, komwe kanaonetsa kuti ndinatuluka 5 koloko. Mpaka lero ndikawaona madala amenewo ndimawagulira Fanta.

Vuto lina ndi magetsi ndi netiweki. Zikazima ma thiraki sadikira, timatulutsa katundu pa delivery note nkudzalowetsa mawa lake, mwina mkuja, ndiye masiku amenewo zomwe bwana akuona pa foni ndi stoko ya dzana, a sales nkumagulitsa katundu woti adapita kalekale. Apa okonza ma sisitimu akadaphunzirako ku zaumoyo. Sisitimu yotsatira stoko ya mankhwala yotchedwa cStock inayamba mu 2011, alangizi a zaumoyo kumudzi nkumatumiza lipoti la mankhwala otsala pa SMS ndi kafoni ka mabatani, chifukwa oipanga anayang'ana kaye netiweki yomwe anthu ali nayo. Sisitimu ina ya zaumoyo ya pa intaneti, OpenLMIS, inabwera pambuyo mu 2017. Ife akutigulitsa zinthu zopangidwira kwa anzathu komwe magetsi sathimathima, intaneti ikaduka sisitimu yonse gwa, kungozungulira kachizindikiro kaja.

Pempho langa kwa mabwana, ngati ndalama ya akaunti ya kalaliki aliyense palibe, musamagwiritse ntchito lipoti la sisitimu podula munthu malipiro, chifukwa umboni wake ndi wabodza. Ndipo mphamvu yosintha manambala a stoko, ija amati adjustment, isakhale ndi aliyense, azivomereza anthu awiri. Kwa achinyamata athu ophunzira za kompyuta ku MUBAS ndi MUST, tipangireni yathu yolipira m'makwacha, yogwira ntchito olo netiweki palibe nkudzatumiza yokha ikabwera. Kwathu kuno ndapempha kale katatu kuti achotse dzina langa pa akaunti ija, akuti tidikire a IT abwere kuchokera ku Blantyre, ndipo kapepala ka pasiwedi kadakali pomwepo.

Wosunga katundu,
Kanengo, Lilongwe