Chilengezo: Maphunziro a Makolo Ojambula Zithunzi

Amayi ndi abambo a m'gulu lathu, maphunziro ojambula zithunzi ayamba Loweruka likubwerali pa holo yomwe timakumanirapo ku Area 25. Tizikumana kuyambira 2 koloko masana mpaka 5 koloko, kwa masabata asanu ndi limodzi. Ana mubwere nawo, chifukwa ndi omwe tiziwajambula pophunzira.

Foni yanu ikukwanira. Ibwere yodzaza moto, ili ndi malo osungira zithunzi, ndipo mutenge kansalu kofewa kopukutira diso la kamera. Zithunzi zambiri zooneka ngati muli chifunga zimatero chifukwa cha mafuta a m'zala ndi fumbi pa disolo.

Nthawi yambiri tithera pa nkhani ya kuwala, popeza ambiri amalakwitsa pamenepa. Mukamuimika mwana kumbuyo kwake kuli thambo lowala, kamera imayeza kuwala kwa thambolo, nkhope n'kutuluka yakuda bii. Dinani pankhope pa sikirini, kenako kokerani m'mwamba pang'ono kachizindikiro kadzuwa. Dzuwa la 12 koloko limasiya mithunzi m'maso, n'chifukwa chake zojambula panja tizizichita 4 koloko ikakwana, dzuwa litapendeka.

Amene muli ndi kamera yeniyeni, mwana wothamanga amafuna shutter ya 1/500, kutanthauza kuti kachitseko kolowetsa kuwala m'kamera katseguke kwa gawo limodzi mwa magawo 500 a sekondi. Pa 1/60, pomwe kachitsekoka kamachedwa kutseka, manja ndi miyendo zimatuluka zosaoneka bwino. Gwadani kuti mufanane naye msinkhu.

Potumiza ntchito pa WhatsApp sankhani Document, apo ayi chithunzi chimafinyidwa. Chonde, mwana wa mnzanu musamujambule kapena kumuika pa Facebook makolo ake asanavomere.

Lembetsani kwa mlembi pofika Lachinayi.