Amuna anga anadwalira panyanja, kampani ikuti tisayine pepala

Okondedwa Alangizi,

Pali pepala lomwe lakhala m'nyumba mwathu milungu itatu tsopano, ndipo sindikuona tulo. Chonde ndiunikireni.

Amuna anga agwira ntchito zaka 9 m'sitima zapamadzi zonyamula katundu, kuchipinda cha injini. Ulendo uliwonse asanakwere, dokotala ankawapima thupi lonse n'kuwapatsa satifiketi yoti ali bwino. Chaka chathachi anapimidwanso, nanyamuka. Patatha miyezi isanu anagwa usiku ali pantchito, sitima ili pakati panyanja, ndipo panadutsa masiku atatu asanafike padoko kuti aonane ndi dokotala. Inali sitiroko.

Pano ali pakhomo. Dzanja lamanzere linafooka, mwendo amachita kukoka. M'mawa ndimawamanga mabatani a malaya, iwo atayang'ana kumbali kuti ndisaone misozi. Munthu amene ankamasula mabawuti akuluakulu a injini, lero kapu ya madzi ikumupulumuka.

Kampani inalipira chipatala ndi malipiro kwa milungu 16, kenako ziii. Dokotala wawo analemba kuti matendawa sanabwere chifukwa cha ntchito, ati BP anali nayo kale. Nanga ngati anali nayo, anawalola bwanji kukwera? Ine ndikukumbukira zomwe ankandiuza pafoni: kutentha koti ovololo ankachita kuifinya thukuta, phokoso losaleka, ndi kugona pang'ono sitima ikakhala padoko.

Tsopano ejenti amene anawalemba ntchito wabwera ndi pepalali. Akuti tikasayina atipatsa kangachepe, koma tisadzafunsenso kanthu mpaka kalekale. Pamalo posayinira anachongapo kale ndi pensulo. Amaimba foni pafupipafupi, ati tikachedwa tiluza zonse.

Mnzawo wina amene ankagwira naye ntchito anatiletsa. Iye akuti pali pangano la mayiko loteteza ogwira ntchito m'sitima zapanyanja lotchedwa MLC 2006, la bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2013. Limanena kuti mwini sitima akhale ndi inshuwalansi yolipirira chipukuta misozi wantchito akalumala chifukwa cha ngozi kapena matenda a kuntchito, komanso kuti munthu asakakamizidwe kulandira ndalama zochepera pa zomwe zili mu kontirakiti. Anatchulanso bungwe la ITF, lomenyera ufulu wa ogwira ntchito zamtengatenga, lomwe lili ndi anthu ofufuza mmene antchito a m'sitima akusamalidwira m'madoko ambiri. Koma sitimayo inkayenda ndi mbendera ya Panama, komwe inalembetsedwa, eni ake ali kudziko lina, ejenti ali kwina. Ine mutu waima.

Alangizi, kodi tingakaonane ndi dokotala wathu kuti alembe lipoti lake, ndipo kampani ingalimvere? Dandaulo lathu tikalitule kuti, kudziko la mbendera kapena kwa a inshuwalansi? Ndikuopanso kuti mwina pali nthawi yoikika yodandaulira, ndipo ikutha ife tili chikhalire.

Chomwe chikundiwawa kwambiri n'choti bambowa atopa. Dzulo anandiuza kuti, "Mayi a ana, ingobweretsani cholembera, zithe." Ndinabisa pepalalo m'sutikesi yawo ya paulendo, pamodzi ndi kontirakiti ndi masatifiketi onse akuchipatala. Sindikufuna kuwalimbitsa mtima pa nkhondo yoti sitingapambane, komanso sindikufuna tigulitse zaka 9 za thukuta lawo chifukwa cha mantha.

Ejenti uja akuti abweranso Lachisanu. Ndikamuyankhe chiyani?

Ine,
Mayi wothedwa nzeru