Kalata kwa Nduna ya Zaumoyo: Amayi anamvera, anabwera kuchipatala

Olemekezeka a Nduna,

Amene ndikukulemberani ndine mzamba wopuma pantchito. Zaka zanga zambiri zinathera m'chipinda chochirira, makamaka usiku, nthawi imene a m'maofesi amakhala ali m'tulo. Mundikhululukire ngati pena mawu anga alasa.

Kwa nthawi yaitali uthenga wathu kwa amayi oyembekezera unali umodzi: musachirire kunyumba, bwerani kuchipatala. Tinaulalika pasikelo, pawailesi, paliponse. Amayi anamvera, ndipo phindu lake linaoneka. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti kuchokera mu 2000 kufika mu 2023, imfa za uchembere zinatsika ndi pafupifupi 40 peresenti padziko lonse. Komabe m'chaka cha 2023 chomwecho amayi pafupifupi 260,000 anamwalira chifukwa cha pakati kapena pochira, kutanthauza oposa 700 tsiku lililonse. Makanda pafupifupi 2.3 miliyoni pachaka amafa asanathe masiku 28, ndipo ena pafupifupi 1.9 miliyoni amabadwa atafa kale. Makolo athu sanalakwitse potcha mayi woyembekezera kuti wapakati. Amakhaladi pakati, ndipo mbali imene agwere imadalira zimene wapeza atalowa pakhomo pathu.

Mu 2018 akatswiri amene anasonkhanitsidwa ndi magazini ya The Lancet Global Health anapeza kuti m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene, pa matenda ochizika osiyanasiyana, anthu pafupifupi 5 miliyoni pachaka amafa atafika kuchipatala koma n'kulandira chithandizo chosakhala bwino, pomwe 3.6 miliyoni amafa chifukwa chosafikako. Nditawerenga zimenezi sindinadabwe. Ndinangokumbukira usiku wina.

Mayi wachitsikana anachira bwinobwino cha m'ma 2 koloko, mwana analira, tonse mitima pansi. Tinalipo azamba awiri okha, mabedi onse ali odzaza. Patapita kanthawi anandiitana: "Anesi, ndikumva kuzizira." Ndinayang'ana pansalu, ndinayesa magazi ndi maso monga tinazolowera, ndinati si ambiri. Ndinathamangira kwa wina amene mutu wa mwana unali utaonekera kale. Pobwerera ndinapeza milomo yake itayera, chiberekero chili lendelende. Tinabaya jakisoni, tinasisita, tinaitana adokotala, tinafunafuna magazi oti timuwonjezere. Kunja kusanache anali atatisiya. Iye anali atandiuza, ine ndinakhulupirira maso anga kuposa mawu ake. Nkhope yake sinandichokebe m'maso.

Kutaya magazi kwambiri ndi kumene kumapha amayi ochuluka pochira, ndipo diso la mzamba, ngakhale akhale katswiri bwanji, limachepetsa magazi amene atayika. Mu 2023 zinatuluka zotsatira za kafukufuku wa E-MOTIVE, amene anachitika m'zipatala za ku Kenya, Nigeria, South Africa ndi Tanzania pa amayi oposa 200,000. Ankamuyalira mayi pulasitiki yokhala ndi kathumba ka mizere yosonyeza kuchuluka kwa magazi. Magazi akangofika pamzere wangozi, zonse zinkachitika nthawi imodzi, osati kuyesa ichi kenako icho: kusisita chiberekero, mankhwala ochilimbitsa, mankhwala othandiza magazi kuundana otchedwa tranexamic acid, diripu, ndi kufufuza pamene magazi akuchokera. Kutaya magazi koopsa ndi zotsatira zake kunatsika ndi 60 peresenti. Pulasitiki chabe, a Nduna. Ikanakhalapo usiku uja, mzere ukanandiuza zimene diso langa linabisa.

Za mankhwala ndinenepo mwachidule. Oxytocin, jakisoni wolimbitsa chiberekero mayi akachira, amafuna filiji. Akakhalitsa pamalo otentha amafooka, ndiye mzamba amabaya n'kumadikira chiberekero chimene sichilimba. Kumene magetsi ndi osadalirika kuli carbetocin, wogwira ntchito yomweyo koma wopirira kutentha, amene WHO inamuvomereza mu 2018. Magnesium sulphate wa amayi okomoka chifukwa cha kuthamanga kwa magazi ndi wakalekale. Palibe chachilendo apa, n'chifukwa chake kusowa kwa zinthu zimenezi pashelefu kumapweteka mtima.

Kwa makanda n'chimodzimodzi. Mwana wobadwa osapuma ali ndi mphindi imodzi yoti athandizidwe ndi kachipangizo kopopera mpweya, ndipo kachipangizoko kakakhala kotsekeredwa mukabati, kiyi ali ndi amene anaweruka, ndiye kuti kulibe. Njira ya kangaroo, yoika mwana wobadwa masiku osakwana pachifuwa cha mayi khungu kukhungu, inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978. Kafukufuku wa mu 2021 anasonyeza kuti kuyamba njirayi mwana akangobadwa, osadikira kuti ayambe wakhazikika, kumachepetsa imfa za ana ochepa thupi ndi 25 peresenti. Koma zimenezi zimafuna bedi la mayi m'chipinda cha ana odwala, pomwe zipatala zambiri zinamangidwa ndi maganizo oti mayi azisuzumira pawindo.

Ndibwerere ku usiku uja, chifukwa nkhani yanga yeniyeni ili pa zimene zinachitika kutacha. Pamsonkhano funso loyamba linali lakuti, "Anali pantchito ndani?" Palibe anafunsa chifukwa chimene tinalili awiri okha, kapena chimene chinachedwetsa magazi. Ndinadzudzulidwa, nkhani inatsekedwa, zonse zinatsala momwemo. Anzanga anatolapo phunziro limodzi: ukalakwitsa, khala chete, ndipo faelo ulembe mosamala. Chipatala chimene azamba ake amaopa kunena zoona chimabwereza cholakwa chomwecho pa mayi wina. Ku Britain anayamba mu 1952 kufufuza imfa iliyonse ya uchembere mwachinsinsi, mayina atafufutidwa, n'cholinga chopeza pamene dongosolo linaphonya. Ife makomiti ounika imfa tili nawo pamapepala. Chimene ndikupempha n'chakuti lamulo liteteze wonena zoona, ndipo lipoti lililonse lizitha ndi dzina la woyenera kukonza vuto ndi tsiku loti akhale atakonza. Wonyalanyaza ntchito dala alangidwe ndithu, koma ameneyo ndi wosiyana ndi mzamba amene ali ndi manja awiri pa amayi ambiri. Lipoti la 2021 la UNFPA (nthambi ya United Nations yoona za uchembere ndi chiwerengero cha anthu), WHO ndi chitaganya cha azamba padziko lonse linati pakusowa azamba pafupifupi 900,000. Kuwaphunzitsa kenako osawalemba ntchito ndi kutunga madzi ndi dengu.

Nafenso azamba tili ndi chitsotso m'diso. Ndinamvapo anzanga akukalipira mayi ali pa ululu, ndinaonapo mbama, ndipo sindinalankhule nthawi zonse. Amene amakalipiridwa kwambiri ndi mtsikana wamng'ono, mayi wosauka, wolumala, wosadziwa chilankhulo cha pamalopo. Ameneyo akamva china chachilendo m'thupi amangoluma mano. Mu 2018 WHO inalangiza kuti mayi aziloledwa kukhala ndi munthu amene wamusankha yekha nthawi yonse yochira. Ena mwa ife tinkati wodikirira amangotchinga njira. Lero ndikuti akanakhalapo wina pambali pa mayi uja, akanakuwa mpaka ine kutembenuka.

Chiwerengero cha dziko lonse chimabisa anthu otere. Pafupifupi 70 peresenti ya imfa za uchembere zimachitika m'mayiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara, koma ngakhale ku United States, dziko lolemera, mayi wakuda ali pachiopsezo cha imfa pafupifupi katatu kuposa mzungu. Choncho akakubweretserani ziwerengero, muziwauza aziphwanye: akutali ndi chipatala ndi angati, atsikana ndi angati, amene anafera m'njira potumizidwa kuchipatala chachikulu ndi angati. Mayiko analonjeza kuti pofika 2030 imfa zidzakhala zosafika 70 pa ana 100,000 obadwa amoyo. Mu 2023 dziko lapansi linali pa 197.

Mukafuna kuyendera chipinda chochirira, musatumize uthenga, chifukwa mukapeza pokolopa ndi maluwa patebulo. Mupite 2 koloko usiku ndi galimoto imodzi. Muwerenge azamba, muwerenge amayi. Mutsegule filiji, muikemo dzanja. Mufunse ngati ambulansi ili ndi mafuta. Kenako muitanitse lipoti la mayi womaliza kumwalira pamenepo, mufunse chimene chinasintha chichokereni tsikulo.

Ine wanu,
Mzamba wopuma pantchito