Chifunga cha m'maso sikuti nthawi zonse ndi ng'ala

Akonzi,

Ndipatseniko mpata ndinenepo za maso, chifukwa nkhani zambiri zomwe timawerenga zimangokamba za ng'ala basi, ngati kuti munthu wamkulu akati ndikuona chifunga nde kuti ndi ng'ala. Mayi anga anavutika pafupifupi zaka zitatu ndi matenda oti tonse pabanja tinali tisanawamvepo.

Akadzuka m'mawa ankati akuona ngati ali mu utsi, nkhope zathu osazizindikira bwino, koma ikamakwana 10 koloko amvekere aa tsopano kwayera. Ife tinkangoti ndi tulo, ndi ukalamba, magalasi tinasintha kawiri osathandiza. Kenako chifunga chija chinayamba kukhalitsa mpaka madzulo, usiku magetsi kumawathobwa m'maso, mpaka anasiya kuwerenga, chinthu chomwe ankachikonda kwambiri. Zimandipwetekabe kuti tinachedwa chonchija.

Adokotala a maso atawaunika ndi makina aja oika chibwano anati vuto lili pa cornea, kagalasi koonekera ka kutsogolo kwa diso kaja. Kukhuthala kwake ndi theka la milimita basi, ndipo kuseri kwake, mbali yoyang'ana mkati mwa diso, kuli kachikopa kopyapyala kuposa tsitsi komwe amakatchula dzina la Jean Descemet, dokotala wa ku France amene anakafotokoza mu 1758. Pa kachikopa kameneka pamakhala maselo, tizigawo tamoyo ting'onoting'ono ta thupi, mzere umodzi okha, ntchito yake ndi ngati pampu, usana ndi usiku kuchotsa madzi kuti kagalasi kaja kazikhala kowala. Chomwe chinandidabwitsa nchoti maselo amenewa akafa sabadwanso ena, otsalawo amangotambasuka kutseka mipata, nde akachepa kwambiri madzi amalowerera, cornea kutupa, chifunga nkuyamba. Matenda a mayi amati Fuchs, dzina la Ernst Fuchs wa ku Vienna amene anawalemba mu 1910. Kachikopa kaja kamakhuthala nkumatuluka tinthu ngati tinjerewere, maselo nkumafa msanga. Za m'mawa zija adokotala anafotokoza kuti usiku diso likatseka madzi sauma, amaunjikana, masana likatseguka mphepo imaumitsako ndiye munthu amaonako bwino. Matendawa amagwira kwambiri azimayi kuposa azibambo, nthawi zambiri amaonekera munthu akadutsa zaka 50, komanso amayenda m'magazi, nchifukwa chake nanenso ndinakayezetsa.

Apa ndi pomwe ndikufuna owerenga amvetsetse. Mayi analinso ndi ng'ala pang'ono, ndipo tikanangothamangira opaleshoni ya ng'ala osaona kaye cornea zikanatha kuipa, chifukwa opaleshoni imeneyi olo iyende bwino bwanji imaphako maselo ena, kwa munthu woti ali nawo okwanira palibe vuto koma kwa woti atsala ochepa diso limatha kutupa osayeranso, munthu nkumati adokotala andiononga pomwe vuto linalipo kale. Nthawi zinanso kachikopa kaja kamamatuka pa opaleshoni, ndipo akazindikira msanga amangobayamo kampweya nkukamatanso. Sindikuopseza anthu ayi, opaleshoni ya ng'ala ndi yabwino zedi ndipo yathandiza ambiri, koma ngati chifunga chanu chimakula m'mawa nkumachepa masana auzeni adokotala mawu amenewo, musangoti sindikuona bwino.

Poyamba anawapatsa mankhwala odontheza a madzi amchere kuti azikoka madzi aja, anathandizako miyezi ingapo koma sachiza. Mapeto ake inali opaleshoni. Kale ankadula cornea yonse nkusokererapo ya munthu wina, woyamba kuchita bwino zimenezi anali Eduard Zirm mu 1905, koma zimafuna ulusi wambiri ndipo kuti diso likhazikike pamatha chaka kapena kuposa. Ya mayi inali yatsopanoyi amati DMEK, anayambitsa Gerrit Melles wa ku Rotterdam mu 2006. Amaboola kabowo kakang'ono m'mbali, kusenda kachikopa kodwala kokhako, nkulowetsa kena kochokera kwa munthu wina. Iko kamadzipinda kokha ngati kapepala, nde dokotala amakatambasula mkati momo pogogoda pang'onopang'ono pamwamba pa diso, akatero amaikamo mpweya kuti ukakankhire pamalo pake. Osasoka kachikopako, kamamatirira kokha.

Chovuta chinali pambuyo pake. Mpweya umakwera m'mwamba, ndiye kuti ukankhe malo oyenera munthu ayenera kugona chagada kuyang'ana kudenga masiku oyambawo, kudzuka mwa apo ndi apo. Mayi msana unawapweteka, ine usiku ndimakhala pambali kuwagwira phewa kuti asatembenuke. Patatha sabata mbali ina inali itamatuka, tinabwerera anakawonjezera mpweya, akuti zimachitika ndithu. Mankhwala odontheza oteteza kuti thupi lisakane kachikopa kachilendoko akudonthezabe mpaka pano. Koma mwezi usanathe m'mawa wina anandiitana, akuti iwe, bwanji sunandiuze kuti imvi zakuchuluka chonchi? Ndinalira, akonzi.

Kachikopa kameneko sakapanga kufakitale. Kanachokera m'diso la munthu amene anamwalira, abale ake ali pachisoni anavomera kuti cornea yake itengedwe maola ochepa atatsikira, sitikumudziwa ndipo sitidzamudziwa. Ine kale nkhani yopereka maso ndinkaiopa, ndimaganiza kuti munthu amamusiya nkhope itaonongeka, pomwe akamaliza amatseka zikope bwinobwino osaoneka kanthu. Panopa ana anga ndinawakhazika pansi ndinawauza kuti tsiku langa likafika, ngati cornea zanga zili zabwino, asakanize.

Ndikupempha mutipezere dokotala wa maso alembeko za matenda amenewa m'nyuzi muno, komanso afotokoze momwe munthu angavomerere kupereka. Diso lachiwiri la mayi nalonso layamba chifunga cha m'mawa chija, dzina analembetsa kale, tikungodikira kuti kachikopa kapezeke.

Ine wowerenga wanu wa masiku onse.