Mfuti yopepuka imafuna dzanja lozolowera

Akonzi,

Ndipatseniko kampata m'nyuzipepala yathuyi ndiyankhe anyamata a pano pa Lizulu amene akumafalitsa zoti kunja kuno kuli mfuti za pulasitiki zomwe makina ofufuza zitsulo pa bwalo la ndege sazigwira. Pa mfuti zomwe akunenazo, limenelo ndi bodza. Ine ndapuma pantchito nditayenda ndi mfuti m'chiuno zaka zambiri, ndiye ndikunena zomwe ndikuzidziwa.

Mfuti akunenazo, monga Glock 17 ya ku Austria imene asilikali akumeneko anaisankha mu 1982, pulasitiki yake ili kogwirira ndi kumunsi basi. Mpope wodutsa chipolopolo ndi mbali yapamwamba yotsetsereka ija ndi chitsulo ndithu.

Chomwe anthu amaikondera ndi kupepuka. Glock 17 yopanda zipolopolo imalemera magalamu pafupifupi 700 koma imanyamula zipolopolo 17, pomwe Browning Hi-Power ya ku Belgium, yachitsulo chokhachokha, imayandikira kilogalamu ndipo imanyamula 13. Powerenga chabe mungati kusiyanako nkochepa. Kafunseni amene waimapo pa rodibuloko ya pa M1 kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa, akuuzani zomwe chiuno chimamva. Mu June kuno, nkhungu ikatsika, chitsulo chimaluma m'manja, ndipo ukangochedwa kuchipukuta dzimbiri layamba kale. Sindinadabwe kumva kuti asilikali a ku Britain anasiya Browning nkutenga Glock mu 2013.

Komabe ine mtima wanga uli ku yachitsulo. Mfuti yolemera ikalira sidumpha kwambiri, kulemera kwakeko kumamwa mphamvu ina, ndiye chipolopolo chachiwiri chimapita pafupi ndi choyamba. Yopepuka imakankha dzanja, ndipo wosazolowera amaphonya. Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri nchakuti Glock ilibe kotsekera ndi chala chachikulu kuti isalire mwangozi, monga Browning. Chitetezo chake chimamasuka chokha ukamakoka powombera. Chala chikalowa pamenepo nthawi isanakwane, kaya ndi mantha kaya ndi phuma, yalira basi, mwina pamsika podzaza amayi ogulitsa mbatata ndi kabichi.

Choncho pempho langa kwa akuluakulu ogula zida za achitetezo ndi ili: mukamasankha zopepukazi, ikanipo ndalama ya zipolopolo zophunzirira kawirikawiri, osati pa nthawi ya kosi pokha. Mugulenso zikwama zake zolimba zophimba powombera ponse, chifukwa ena ndawaona akungoisomeka mu lamba wa thalauza.

Wachitetezo wopuma,
Lizulu, Ntcheu