Laputopu ndi chida choimbira ngati zala zikugwira ntchito

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa mkangano woti laputopu pa siteji ndi chida choimbira kapena chinyengo. Woimba akangodina batani, nyimbo yojambulidwa kale n'kumadziyendera yokha, sakusiyana ndi woimba ndi CD. Koma akalumikiza kiyibodi ya MIDI (yotumiza manoti ku kompyuta) n'kumaimba noti iliyonse kudzera mu pulogalamu ngati MainStage kapena Ableton Live, ameneyo akuimba ndithu, ndipo akaphonya aliyense amamva.

Chovuta chachikulu ndi kuchedwa kwa mawu. Buffer (mulu wa tizidutswa ta mawu, masampulo, tomwe kompyuta imakonza nthawi imodzi) ikakhala pa masampulo 512 pa 48 kHz (masampulo 48,000 pa sekondi), mawu amatuluka patadutsa mamilisekondi oposa 10 chala chitadina, woimba n'kumatsalira m'mbuyo mwa ng'oma. Mukaitsitsa pa 128, kuchedwa kochokera ku buffer kumatsika osafika mamilisekondi 3. Mukatsitsa mopitirira, kompyuta yofooka imalemedwa ndipo mawu amathetheka.

Palinso phokoso long'ung'udza lija la 50 Hz lomwe limayamba chaja ikalowa pa soketi. Ambiri amanamizira sipika, pomwe gwero lake ndi earth ya laputopu ndi ya mikisa. Dutsitsani mawu mu audio interface (kabokosi kotulutsira mawu a kompyuta), kenaka mu DI box (kabokosi kolumikizira chida ku mikisa), mudine ground lift, batani lolekanitsa earth ziwirizo pa waya wa mawu. Waya wa earth pa pulagi osamudula, mungaphetse munthu.

Wi-Fi izimitsidwe, makina asamagone okha nyimbo ili mkati. Ndipo poti magetsi kuno sachedwa kuthima, batire ikhale yodzaza: laputopu ikazima pamatenga mphindi zingapo kuti mapulogalamu atsegukenso, pomwe wa gitala amangopitiriza jenereta ikalira.

Wokonza zokuzira mawu,
Blantyre