Mtengo wozuka tisamauthamangire ndi nkhwangwa

Akonzi,

Ndiloleni ndinenepo za mitengo yogwa m'nkhalango zathu. Namondwe Freddy atadutsa mu Malichi 2023, ndinapeza mbawa yaikulu itazuka m'tsinde mwa phiri la Mulanje. Mizu yake inali m'mwamba itakumbatira chibuma cha dothi chondiposa msinkhu, ndipo pamene panali mtengowo panatsala dzenje lodzaza madzi. Sabata isanathe anthu anali atauwaza wonse, chitsa n'kuchiwotcha makala. Sindikuwadzudzula, nkhuni zikuvutadi.

Chimene chinandiimitsa pamenepo ndi chibumacho. Katondo wa pansi ndi miyala yake zinali zitatulukira kunja, dothi lakuda la pamwamba litapindikira m'kati. Chikasiyidwa, mvula imachigumula pang'onopang'ono mpaka kusanduka kachulu pomwe timitengo timamera. Dzenje lija limakolola masamba ndi chinyontho, pamene thunthu likudyedwa ndi chiswe ndi bowa n'kubwerera kunthaka. Nkhalango ilibe khasu, imagalauza nthaka yake motere, ndipo timachulu ndi timaenje timeneti timaonekabe patapita zaka mazanamazana.

Kugalauzaku kumawazunguza mutu akatswiri ofukula zakale, monga amene anakumba ku Mankhamba, likulu lakale la Amaravi. Iwo amayendera mfundo yoti chimene chili pansi ndiye chakale. Amayezanso zaka za makala poona kuchuluka kwa carbon-14 amene watsalamo, mtundu wa carbon wopezeka m'zamoyo zonse, amene theka lake limatha pa zaka 5,730 zilizonse chamoyocho chikafa. Tsono mtengo ukazuka, khala lakalekale limakwera pamwamba, phale la dzana n'kugwera m'dzenje. Wobwera kudzakumba mtengowo utaola kale, ngati sazindikira mmene dothilo lapindikira, phale lija adzalipatsa zaka zosakhala zake. Koma wodziwa amapindula nazo, chifukwa timakala ndi tizidutswa ta mitengo tokwiririka pansi pa kachulu timamuthandiza kuyerekeza nthawi imene mtengo unagwa.

Ku England mphepo ya mkuntho ya mu Okutobala 1987 inagwetsa mitengo pafupifupi 15 miliyoni. M'malo ambiri anathamangira kuchotsa ndi makina, koma m'malo ena amene anangowasiya nkhalango inaphukanso yokha bwinobwino.

Pempho langa kwa alangizi a zankhalango ndi makomiti a m'midzi ndi loti m'nkhalango zotetezedwa, mtengo ukagwa anthu azitola nthambi, koma chitsa, chibuma ndi thunthu azizisiya pomwepo ziwole.

Wowerenga wanu,
Mulanje